Earl Cameron: Mmalinyero Amene Anakalambira M'masewero

Gule akafika pachimake, maso a anthu onse ali pa iye amene akuvina pakati pa bwalo. Koma wamkulu aliyense adziwa kuti woomba ng'oma yaing'ono akaphonya, gule yense wafa. M'masewero zili chomwechonso. Alipo amene atenga mbali yaikulu, dzina lake nililembedwa ndi malemba akuluakulu. Aliponso ena amene lero akhala dotolo, mawa msilikali, mkuja mfumu, nathandiza nkhani kuti iyende. Mbiri imene muwerenge pano ndi ya mmodzi wa otsirizawa, munthu wakuda dzina lake Earl Cameron.

Cameron anabadwa pa 8 August 1917 pa chisumbu cha Bermuda, m'nyanja yaikulu ya Atlantic. Atakula analowa ntchito ya umalinyero pa sitima zapamadzi, ndipo m'chaka cha 1939 anafika ku London. Nkhondo Yachiwiri Yaikulu inabuka chaka chomwecho, tsono mnyamatayo anakhazikika kuchilendoko. Masiku amenewo munthu wakuda sanali kupeza ntchito yabwino msanga, kotero iye anagwira ntchito za m'khitchini.

M'chaka cha 1941 mnzake wina anali ndi kambali kakang'ono m'sewero lanyimbo lotchedwa Chu Chin Chow. Tsiku lina mmodzi wa osewerawo sanabwere, ndipo Cameron analowa m'malo mwake. Anali wosaphunzira konse za masewero. Pozindikira kuti mwayi wokha sungamsunge pa ntchitoyo, anapita kwa mayi wachikulire, Amanda Ira Aldridge, kuti amphunzitse kutchula mawu momveka. Mayiyu anali mwana wa Ira Aldridge, munthu wakuda amene anatchuka kale ku Ulaya ndi masewero a Shakespeare. Chomwecho mwamuna wamkulu anakhalanso mwana wa sukulu, nasewera m'mabwalo a mizinda yosiyanasiyana kwa zaka zingapo.

Khomo la kanema linamtsekukira m'chaka cha 1951, m'chithunzi chotchedwa Pool of London. M'menemo anali Johnny, mmalinyero wofatsa wa ku Jamaica amene anapalana ubwenzi ndi mtsikana wachizungu. Ichi chinali chinthu chachilendo ndithu, pakuti kufikira nthawi imeneyo anthu akuda m'makanema a ku Mangalande kawirikawiri anali kuoneka ngati antchito ndi onyamula katundu. Apa anthu anaona munthu wakuda wokhala ndi maganizo ake ndi chisoni chake, monga munthu wina aliyense.

Komabe mbali zazikulu sizinambwerere kawirikawiri, chifukwa olemba nkhani sanali kuzilembera anthu akuda. Cameron anatenga zimene zinalipo, nazisenza mwaulemu. Mu Simba, chithunzi cha 1955 chonena za nkhondo ya Mau Mau ku Kenya, anali dotolo wopanikizika pakati pa azungu ndi anthu a mtundu wake. Mu Sapphire, mu 1959, analinso dotolo amene mlongo wake anaphedwa ku London. Mu 1964 anali kapitawo wa asilikali mu Guns at Batasi, ndipo mu 1965 anali Pinder, mthandizi wa James Bond mu Thunderball. Wailesi yakanema itafala m'nyumba za anthu, iye analowa m'menemonso: mu 1966 anaoneka mu Doctor Who ngati munthu woyendetsa chombo cha mumlengalenga. Mu 1976, m'chithunzi cha The Message, anali mfumu ya ku Abyssinia imene inalandira otsatira a Muhammad pamene anathawa mazunzo.

Tsono m'chaka cha 1979 anachita chimene ambiri sanayembekeze. Pokhala wa chipembedzo cha Bahai, anasamukira ndi banja lake ku zisumbu za Solomon, kutali m'nyanja ya Pacific, nachita malonda a ayisikilimu kumeneko zaka 15. Mkazi wake anamwalira mu 1994, ndipo iye anabwereranso ku Mangalande ali nkhalamba. Wina akanati ntchito yake yatha. Koma mu 2005 anasewera ngati mtsogoleri wankhanza wa dziko lopeka la mu Afrika m'chithunzi cha The Interpreter, ndipo mu 2010 anaonekanso pang'ono mu Inception ali ndi zaka zoposa 90.

Ulemu unadza mochedwa, koma unadza. Mu 2009 boma la Britain linampatsa ulemu wa CBE, ndipo mu 2012 bwalo la masewero la mumzinda wa Hamilton, kwawo ku Bermuda, linatchedwa dzina lake. Anamwalira ku Kenilworth pa 3 July 2020 ali ndi zaka 102.

Inu owerenga, taonani chiyambi cha munthu uyu. Analowa m'sewero chifukwa wina anajomba, koma anakhalamo zaka pafupifupi 70 chifukwa sanachite manyazi kuphunzira atakula. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana akuda amene anadza pambuyo pake natenga mbali zazikulu anapeza njira italambulidwa kale, ndipo mmodzi wa oilambula anali woomba ng'oma yaing'ono uyu.