Sidney Poitier: Wotsuka Mbale Yemwe Anakana Kunyozeka pa Kanema

Anzanga, ambirife Denzel Washington timamudziwa, koma ndi angati amene anamvapo za Sidney Poitier, yemwe analambula njira imene Denzelyo akuyendamo lero?

Poitier anabadwa pa 20 February 1927 ku Miami, makolo ake atapitako kukagulitsa tomato. Kwawo kunali pachilumba cha Cat Island ku Bahamas, kopanda magetsi, ndipo sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 16 anafika ku New York n'kuyamba ganyu yotsuka mbale m'malesitilanti.

Atakayesa mwayi ku gulu la zisudzo la American Negro Theatre, anamubweza chifukwa ankawerenga mojejema komanso kalankhulidwe kake kanali ka kuchilumba. Mkulu wina woperekera zakudya kuntchito kwake anayamba kumawerenga naye nyuzipepala usiku akaweruka. Katchulidwe ka mawu anakawongola pomvera wailesi. Atabwereranso, anamulandira.

Masiku amenewo munthu wakuda mufilimu ya ku Hollywood kawirikawiri ankangokhala wantchito wa m'nyumba kapena woseketsa azungu basi. Poitier mbali zotere ankazikana, ngakhale m'thumba mutauma. Mu 1950 anasewera ngati dokotala mu No Way Out. Kenako anapita ku South Africa kukajambula Cry, the Beloved Country, komwe tsankho la apartheid analiona ndi maso ake.

Mu 1964 anakhala mwamuna wakuda woyamba kupata mphoto ya Oscar ya katswiri wosewera bwino, chifukwa cha Lilies of the Field. Koma chomwe anthu sadzaiwala chinachitika mu 1967 mu In the Heat of the Night. Iye ndi wapolisi wofufuza milandu, Virgil Tibbs. Mzungu wachuma anamuwomba mbama, iye n'kubwezera pompo, osaphethira. Tangoganizani, nthawi imeneyo kum'mwera kwa America kukweza dzanja pa mzungu kunali kuputa imfa.

Sikuti onse ankamuwombera m'manja ayi. Akuda anzake ena ankati amasewera anthu angwiro kwambiri, osangalatsa azungu. Koma iye ankadziwa kuti ali yekhayekha pamwambapo, ndiye akalakwitsa, anyozeka ndi mtundu wonse.

Mu 2002 analandira Oscar yaulemu, ndipo usiku womwewo Denzel Washington naye anapata ya katswiri wosewera bwino. Poitier anamwalira pa 6 January 2022 ali ndi zaka 94.