Anna Moore, Mtsikana wa mu Filimu Yopanda Mawu

1. Kanema asanayambe kulankhula

Kale mafilimu sankatulutsa mawu. Osewera ankangogwedeza milomo. Mawu ofunika ankalembedwa pa chinsalu cha kanema, ndipo oonera ankawerenga okha. Mu holo munkakhala munthu woimba piyano.

Mu 1920, ku America, D. W. Griffith anatulutsa filimu yotchedwa Way Down East. Nkhani yake anaitenga m'sewero la Lottie Blair Parker. Analipira madola 175,000 kuti aloledwe kuijambula.

2. Ukwati wabodza

M'filimuyi, Anna Moore anali mtsikana wakumudzi, wosauka. Mayi ake anamutuma ku Boston kukapempha thandizo kwa abale olemera. Abalewo anachita naye manyazi.

Kumeneko anakumana ndi Lennox Sanderson, mwamuna wachuma wokonda akazi. Sanderson anakonza ukwati wabodza. Anna anakhulupirira kuti wakwatiwa. Atatenga pakati, mwamunayo anaulula chinyengo chake n'kumusiya. Mayi ake a Anna anamwalira. Kenako Anna anabereka mwana. Mwanayo atadwala kwambiri, Anna anamubatiza yekha usiku, koma sanachire.

3. Pa famu ya a Bartlett

Anna anapeza ntchito pa famu ya a Bartlett. Sanauze munthu za kale lake. David, mwana wa eni famu, anamukonda. Anna anakana, poopa kuti sali woyenera.

Koma miseche ili ndi miyendo. Mayi wina anamva nkhaniyo n'kukaulula. Bambo Bartlett anathamangitsa Anna usiku, kunja kukugwa chipale chofewa. Chowawa n'chakuti Sanderson anali pomwepo, akudya nawo patebulo ngati mlendo wolemekezeka. Wolakwa anapatsidwa mpando, wolakwiridwa anaonetsedwa khomo. Asanatuluke, Anna analoza Sanderson chala n'kunena zonse.

4. Pa mtsinje

Anna anakomoka pamwamba pa mtsinje woundana. Ayezi anasweka n'kuyamba kumutengera ku mathithi. David anadumpha pa zibenthu za ayezi mpaka anamupulumutsa. Pamapeto awiriwo anakwatirana.

Mbali ina ya filimuyi anaijambulira ku White River Junction, m'chigawo cha Vermont, pa ayezi weniweni. Lillian Gish, amene anasewera ngati Anna, anagona pa ayeziyo dzanja ndi tsitsi zili m'madzi ozizira. Dzanja limenelo linamuvutitsa moyo wake wonse. Anamwalira mu 1993, ali ndi zaka 99.