Makoteji a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi

Makoteji ndi nyumba za anthu wamba zomwe alendo amachita lendi akapita kukapuma kunyanja. Ambiri ali ku Mangochi, ku Senga Bay m'boma la Salima ndi ku Chintheche m'boma la Nkhata Bay. Kawirikawiri mlendo amatenga nyumba yonse ndipo amabwera ndi chakudya chake.

Malamulo a dziko lino amafuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chiphaso cha boma. Bungwe la National Water Resources Authority limaletsanso kumanga pafupi kwambiri ndi madzi. M'chaka cha 2024 nyanjayi idasefukira ndi kumiza makoteji ambiri. Choncho mlendo akuyenera kufunsa za chiphaso komanso pomwe nyumbayo idamangidwa asanapereke ndalama.