Malamulo okhudza malole omwe adali a asilikali: zofunika kudziwa ku Namwera

Ku Namwera m'boma la Mangochi, misewu yolowera m'maesiteti a fodya ndi m'midzi ya kwa Mfumu Jalasi, Katuli ndi Bwananyambi imaterera kwambiri nthawi ya dzinja. Pa chifukwa ichi, lole yomwe idali ya asilikali imasiririka, poti imakoka ndi matayala onse ndipo imadutsa m'matope momwe galimoto zina zimatitimira. Komabe malamulo a dziko lino sapereka ulemu wapadera kwa lole yotere. Ikangogulidwa ndi munthu wamba imasanduka galimoto yonyamula katundu ngati ina iliyonse, ndipo mwini wake amayenera kukhala ndi zikalata zosonyeza njira yomwe idadzera kuchokera m'manja mwa asilikali kufika kwa iye.

Komwe malolewa amachokera

Njira zopezera malolewa zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuitanitsa kunja, makamaka ku Britain, komwe gulu lankhondo limagulitsa galimoto zomwe lasiya kugwiritsa ntchito. Mitundu yodziwika ndi Bedford MK, yomwe idayamba kupangidwa m'chaka cha 1970, ndi Leyland DAF, yomwe idalowa m'malo mwake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Yonse iwiri idapangidwa kuti izinyamula katundu wolemera matani 4. Palinso Unimog ya kampani ya Mercedes-Benz ya ku Germany.

Njira yachiwiri ndi kugula galimoto zomwe boma lino latulutsa m'kaundula wake. Kuyambira m'chaka cha 2017, bungwe la PPDA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira kagulidwe ndi kagulitsidwe ka katundu wa boma. Wogula amayenera kusunga lisiti ya boma ndi kalata yotsimikiza kuti galimotoyo idagulitsidwa movomerezeka. Lole yomwe wina wangopatsana ndi mnzake popanda zikalata zotere imakhalabe katundu wa boma, ndipo wopezeka nayo akhoza kuimbidwa mlandu.

Kulembetsa m'kaundula

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi la Road Traffic Act la m'chaka cha 1997, ndipo nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS ndiyo imalembetsa galimoto kudzera m'kaundula wa pakompyuta wotchedwa MalTIS.

Lole yochokera kunja imayamba yadzera ku bungwe lotolera msonkho la MRA, lomwe lidayamba ntchito zake m'chaka cha 2000. Msonkho ukaperekedwa, bungweli limatulutsa chikalata chotsimikiza kuti galimotoyo yalowa m'dziko mwalamulo. Kenaka apolisi a nthambi ya Interpol amayendera nambala ya chasisi ndi ya injini pofuna kutsimikiza kuti galimotoyo si yobedwa.

Apa ndi pomwe eni malole akalewa amapunthwa kawirikawiri. Asilikali amasintha injini za galimoto zawo ikawonongeka ina, kotero nambala ya pa injini ikhoza kusiyana ndi yolembedwa m'zikalata zogulira. Nambala ya chasisi nayo imatha kukwiririka ndi penti wopakidwa kambirimbiri. Ndi nzeru kuyerekeza manambalawa ndi a m'zikalata ndalama zisanaperekedwe.

Izi zikatheka, lole imapimidwa kulemera kwake, imayesedwa ngati ili yoyenera kuyenda pamsewu kuti ilandire chiphaso cha COF, ndipo imapatsidwa nambala ya anthu wamba, monga ya zilembo za MH zomwe ndi za boma la Mangochi. Nambala yakale ya asilikali kapena ya boma siloledwa kutsala pa galimotoyo. Inshulansi yoteteza anthu ena omwe angavulazidwe pangozi ndi yokakamiza.

Laisensi ya woyendetsa

Dziko la Malawi limatsata magulu a malaisensi ogwirizana ndi a maiko a m'bungwe la SADC. Laisensi ya B ndi ya galimoto zosapitirira makilogalamu 3,500, ya C1 ndi ya zolemera kuposa apa mpaka makilogalamu 16,000, pomwe ya C ndi ya zoposera pamenepa. Wokoka ngolo yaikulu amafunika EC1 kapena EC.

Chofunika kumvetsa n'chakuti kulemera komwe kumawerengedwa ndi kwa galimoto pamodzi ndi katundu yense yemwe idaloledwa kunyamula, osati kwa galimoto yopanda kanthu. Malole a Bedford MK ndi Leyland DAF amagwera m'gulu la C1, kotero yemwe ali ndi laisensi ya B yokha akulakwira lamulo ngakhale akuyendetsa lole yopanda katundu. Dalaivala wonyamula katundu kapena anthu pa malonda amafunikanso chilolezo cha madalaivala a ntchito chotchedwa PrDP.

Mabenchi omwe ankakhalapo asilikali kumbuyo kwa lole sapereka ufulu wonyamula anthu. Galimoto yolembedwa kuti ndi ya katundu siyenera kuchita matola popanda chilolezo. Izi n'zofunika kwambiri pa msewu wa M3 wochokera ku Namwera kutsikira ku Mangochi, womwe uli ndi makona ndi mtsetse waukulu m'mapiri a Chowe usanafike pa mlatho wa Bakili Muluzi. Lole yakale ya mabuleki ofooka ikadzaza anthu pa mtsetse umenewu, miyoyo yambiri imakhala pa chiswe.

Pokumana ndi apolisi

Si zachilendo kuti apolisi aimitse lole ya maonekedwe a chisilikali, makamaka m'dera la m'malire ngati Namwera, lomwe lili pafupi ndi chipata cha Chiponde cholowera ku Mandimba m'chigawo cha Niassa ku Mozambique. Nkhondo ya pachiweniweni ya m'dzikolo, yomwe idatha m'chaka cha 1992, idasiya zida zambiri m'manja mwa anthu wamba, ndipo achitetezo amakhala tcheru ndi chilichonse chooneka ngati cha nkhondo.

Malamulo amaletsa munthu wamba kuvala yunifolomu ya asilikali popanda chilolezo kapena kudzionetsa ngati msilikali. Mwini lole amapewa mavuto akachotsa zizindikiro zonse za gulu lankhondo ndi zomangirapo mfuti, komanso akasintha penti wamawangamawanga. Mtundu wa galimoto umalembedwa m'kaundula, kotero ukasintha a DRTSS ayenera kudziwitsidwa.

Pa chipata cha apolisi, dalaivala amayenera kuima ndi kuonetsa laisensi, COF ndi inshulansi, komanso zikalata za katundu yemwe wanyamula. Makala ndi matabwa, mwachitsanzo, zimafuna chilolezo cha nthambi ya zankhalango. Wolipira chindapusa ali ndi ufulu wolandira lisiti ya boma, ndipo wokana mlandu akhoza kukaonekera ku khoti. Kupereka kapena kulandira chiphuphu ndi mlandu pansi pa lamulo la m'chaka cha 1995 lomwe lidakhazikitsa bungwe la ACB. Lamulo la apolisi la m'chaka cha 2010 lidakhazikitsanso bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu okhudza apolisi.

Kuoloka malire

Wofuna kupita ndi lole ku Mozambique amafunika chilolezo cha MRA chotulutsira galimoto kwa kanthawi ndi chikalata cha apolisi. Ngati woyendetsa si mwini wake, pamafunika kalata ya mwiniyo. Dziko la Mozambique silili m'bungwe la COMESA, kotero inshulansi ya Yellow Card sigwira ntchito kumeneko ndipo pamafunika kugula ya m'dzikomo.

Maofesi a boma, makhonsolo ndi magulu a alimi omwe amachita hayala malole otere onyamula feteleza, chimanga kapena zipangizo zomangira nawo ali ndi mbali yawo. Asanasainirane mgwirizano, ofesala amayenera kuona zikalata za galimoto ndi laisensi ya dalaivala, chifukwa lole ikagwidwa pamsewu, katundu wa boma amatsakamira nayo limodzi ku polisi.