Mankhwala a BP amene amalowa mu ubongo

Ku Makhanga, kwa Mfumu Mlolo m'boma la Nsanje, munthu akadandaula za mitsempha muyenera kumufunsa bwino. Ilipo yonyamula magazi, iliponso yonyamula uthenga wochokera ku ubongo. Pa nkhani ya BP yonseyi imakhudzidwa.

Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi muno anali ndi BP, vuto la kuthamanga kwa magazi. Ambiri mwa amene ali pa mankhwala amalandira HCT, yemwe amatulutsa mchere ndi madzi kudzera mumkodzo, kapena amlodipine, womasula makoma a mitsempha ya magazi. Awa amagwirira ntchito yawo kunja kwa mutu.

Methyldopa, yemwe amayi oyembekezera amamudziwa kuti Aldomet, ndi wina. Ubongo uli ndi mpanda wosefa za m'magazi kuti zisalowe mwachisawawa, koma iyeyu amadutsa. M'katimo muli maselo otchedwa manyuroni. Sagundana ayi, pakati pawo pali kampata, sinapusi, pomwe ina imatulutsa timadzi ta uthenga monga noradrenaline, inzake n'kulandira. Manyuroni amameza methyldopa n'kumusandutsa mthenga wabodza. Mthengayo akakhala pa malo olandirira otchedwa alpha-2, m'tsinde la ubongo, lamulo lakuti mtima uthamange ndi kuti mitsempha ya magazi ifinyike limachepa mphamvu. BP imatsika.

Popeza mankhwalawa akugwira ubongo, amadzetsa tulo, kuuma m'kamwa, chizungulire munthu akadzuka mofulumira, mwinanso kukhumudwa. N'chifukwa chake mayi akangochira amamusinthira ena. Koma mu Okutobala, dzuwa la kuchigwa likuswa mtengo, ndani angaganizire piritsi? Amati ndi kutentha, kapena malungo. Wina akalizindikira amangolisiya mwakachetechete. Ine ndimaona kuti namwino azitchula za tuloto tsiku loyamba lomwelo, mayi asanatuluke m'chipinda cha sikelo.

BP ikakwera mpaka kukomola mayi wapakati, achipatala amati ndi eclampsia, ndipo amabaya magnesium sulphate. Ntchito yake yeniyeni si kutsitsa BP, koma kukhazika pansi manyuroni kuti mayi asakomokenso. Ku Makhanga, komwe mitsinje ya Ruo ndi Shire inadula misewu mu 2015 ndiponso pa namondwe Freddy mu 2023, ulendo wa kuchipatala chachikulu m'nyengo ya madzi umayambira m'bwato. Jekeseni woyambayo ayenera kubayidwa mayiyo asanakwere.