Kodi crowdfunding n'chiyani?

Ena akamva mawu akuti crowdfunding amaganiza kuti ndi kugula masheya, ena amati ndi kupemphetsa. Zonsezi sizifotokoza bwino tanthauzo lake lonse. Mawuwa ndi achingerezi: crowd ndi khamu la anthu, funding ndi kupereka ndalama zogwirira ntchito. Tingoti ndi msonkhamsonkha wa pa intaneti, pomwe anthu osadziwana amaponya kangachepe kuti chinthu chimene akuchifuna chipangidwe.

Mwachitsanzo, mu 2012 kampani ya ku America ya Obsidian Entertainment inafuna kupanga gemu ya pakompyuta ya dziko lopeka la amatsenga ndi zilombo. Inali ndi akatakwe monga Tim Cain, Chris Avellone ndi Josh Sawyer. M'malo modikira makampani akuluakulu ogulitsa magemu, inapempha madola 1.1 miliyoni pa webusaiti ya crowdfunding yotchedwa Kickstarter. Okonda magemu anasonkha pafupifupi madola 4 miliyoni, ndipo gemuyo inatuluka mu 2015 ndi dzina lakuti Pillars of Eternity.

Pa msonkhamsonkha wotere, wosonkha salandira gawo la phindu. Amalonjezedwa gemuyo ikadzatha, kapena mphatso zina malinga ndi zimene waponya. Pa Kickstarter, ndalama zikapanda kukwana pa tsiku lomaliza, palibe amene amadulidwa kanthu. Koma zikakwana, ntchito itha kuchedwa kapena kulephereka ndithu.

Choncho mnzanu akakuuzani kuti walipirira gemu yomwe sinapangidwe n'komwe, musamuseke kuti wapusitsidwa. Ameneyo wasonkha nawo pa crowdfunding, ndipo akudikira kuti akatswiriwo asunge lonjezo.