Mkwapulo m'Sukulu za ku Machinga ndi Balaka

Mkwapulo unalowa m'kalasi limodzi ndi sukulu za amishoni. Mu 1880 mbiri ya kukwapula anthu pa mishoni ya Blantyre inamveka mpaka ku Britain, ndipo mtsogoleri wake, Duff MacDonald, anachotsedwa. Koma kukwapula mwana wa sukulu palibe anakuyesa mlandu, poti ankati ndiko kuwongola mtengo ukadali waung'ono.

M'dera lomwe lero ndi Machinga ndi Balaka, sukulu zinabwera ndi mipingo, monga ansembe a Montfort amene anakhazikitsa mishoni ya Utale. Mabanja ambiri a Chiyao, pokhala Asilamu, ankakana kutumizako ana poopa kuti akawatembenuza, ndipo ankawapititsa ku madrasa. Motero sukulu inayenera kuchita kunyengerera makolo kuno, koma mwana amene analoledwa kupita ankakapezako ndodo.

Nthawi ya Kamuzu Banda, kumvera ndi kusunga mwambo zinali pakati pa ngodya zinayi za dziko, ndipo m'sukulu zambiri mwambo unkatanthauza chikwapu. Wochedwa ankagwada padzuwa, wolephera samu ankamenyedwa rula m'zala, wina ankazula chitsa kapena kukumba dzenje la zinyalala anzake akuphunzira.

Mu 1994 Bakili Muluzi, wochokera ku Machinga komweko, anachotsa fizi ku pulayimale. Ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma n'kulemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji. Mphunzitsi mmodzi, ana oposa 100, nthawi zina pansi pa mtengo: ndodo inakhala njira yachidule. Chomvetsa chisoni n'chakuti inkagwera kwambiri osauka, ochedwa chifukwa cha mtunda kapena ntchito za m'mamawa. Mwana wamantha safunsa funso, amabisa pamene sanamve. Akatopa amayamba kujomba, kenako mnyamata amalowera ku usodzi wa ku Chiuta ndi Chilwa kapena ku Joni, mtsikana ku banja. Umphawi ndiwo unkakoka, koma ndodo inkakankha.

Gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limaletsa nkhanza ndi chilango chonyozetsa munthu, ndipo Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa ana mu 1991. Unduna wa Zamaphunziro umauza aphunzitsi kuti asamenye ana, koma lamulo la maphunziro la 2013 silinatchule mkwapulo mwachindunji. N'chifukwa chake chitetezo cha mwana wa ku Ntaja kapena Ulongwe chimadalirabe mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi makolo olimba mtima kukafunsa.